Demostrado, probado kapena comprobado? Kusankha liwu la "zatsimikizika" m'Chisipanishi

Ife liwu limodzi limatikwanira. Adokotala akapima magazi n'kupeza malungo, timati zatsimikizika. Bwalo likapeza kuti uje anabadi mbuzi, zatsimikizika. Ndalama zikalowa pa foni, zatsimikizika. Ndiye munthu ukayamba kuphunzira Chisipanishi umangofuna liwu limodzi loti lizigwira ntchito yomweyo, koma ukatsegula dikishonale umapeza mndandanda: *demostrado*, *probado*, *comprobado*, *confirmado*, *acreditado*, *constatado*, *establecido*, ndi ena. Onse akuti ndi "kutsimikizika". Utenge uti?

Chomwe chinandithandiza ine n'kusiya kufunsa kuti liwu lililonse likutanthauza chiyani, n'kuyamba kufunsa kuti: watsimikiza ndani, ndipo watsimikiza bwanji? Ndi maganizo, ndi mboni, ndi maso ake, ndi pepala, kapena ndi udindo chabe? Chisipanishi chimafuna yankho la funso limeneli musanatsegule pakamwa.

Probado: liwu looneka lophweka koma loterera

Aliyense amathamangira *probado*, makamaka amene anayamba adziwa Chingerezi kapena Chipwitikizi. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amalizindikira msanga, chifukwa kwawo ndi *provado*. Kungoti Chisipanishi chinasunga *b* wa m'Chilatini *probare* pomwe Chipwitikizi chimalemba *v*. Mukalemba *provado* m'kalata ya Chisipanishi, wowerenga adziwa kumene mwachokera.

Vuto lake n'lakuti mneni *probar* amasenza akatundu atatu. Amatanthauza kutsimikiza ndi umboni, inde, komanso kuyesa, komanso kulawa. Mayi akakupatsani chipande n'kunena kuti *prueba la sopa*, sakufuna umboni wa msuzi, akuti lawani. Kachipinda koyeserera zovala m'sitolo ndi *probador*. Mayeso a kusukulu, mpikisano wothamanga, kupimitsa magazi, umboni wa kukhoti, zonsezi dzina lake ndi *prueba*.

Ine ndinagwapo m'dzenje limeneli. Mnzanga wina wolankhula Chisipanishi ankandiuza za tiyi wa masamba amene ankati amathetsa kusowa tulo, ndipo anamaliza ndi mawu oti *lo he probado*. Ndinamva ngati akuti "ndinatsimikiza kuti amagwira ntchito", ndipo ndinayamba kuuza ena. Patapita masiku ndi pomwe zinadziwika kuti ankangotanthauza kuti anamwapo kamodzi. Kugona sanagone n'komwe.

Taonani kusiyana kwa ziganizo ziwirizi. *Un medicamento probado en ratones* ndi mankhwala amene ayesedwa pa mbewa za mu labotale. Kaya anachiza kaya anapha, chiganizocho sichinena. *Un medicamento de eficacia probada* ndi mankhwala amene mphamvu yake inatsimikizika. Liwu ndi limodzi lomwelo, koma loyamba ndi "kuyesedwa" ndipo lachiwiri ndi "kupambana mayeso". Kachidutswa kakuti *de probada* kotsatiridwa ndi dzina la khalidwe n'kotetezeka ndithu: *de probada honradez*, munthu amene kukhulupirika kwake kunaoneka kwa nthawi yaitali, *de probada experiencia*, galu wamkota amene sakandira pachabe. Mumakapeza m'makalata oyamikira munthu ndi m'zolengeza ntchito.

Kwawo kwenikweni kwa *probado* ndi kubwalo la milandu. Chigamulo cha mlandu waupandu ku Spain chimalembedwa m'magawo odziwika: mbiri ya mmene mlandu wayendera, kenako *hechos probados*, kenako *fundamentos de derecho* omwe ndi malamulo amene woweruza watsamira, ndipo pomaliza *fallo*, chigamulo chenichenicho. Gawo la *hechos probados* ndilo mtima wa nkhani. Si zimene zinachitika monga anazionera Mulungu, koma zimene bwalo lavomereza kuti umboni wake wakwana. Nthawi zambiri limayamba ndi mawu oti *se declara probado que*, kapena akalekale aja oti *probado y así se declara*. Chimene sichinalowe m'gawo limeneli, ngakhale mudzi wonse ukuchidziwa, woweruza sangamange nacho munthu. N'chifukwa chake atolankhani amamatira liwu loti *presunto*, woganiziridwa, mpaka chigamulo chitatuluka. Ufulu woyesedwa wosalakwa uli m'ndime 24 ya malamulo aakulu a Spain a 1978. Chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe cha 1948, m'ndime 11, chimati munthu ayesedwe wosalakwa *mientras no se pruebe su culpabilidad*. Koma munthu wa mumsewu ku Madrid kapena ku Bogotá amakonda kunena kuti *hasta que se demuestre lo contrario*. Lamulo likuti *probar*, msewu ukuti *demostrar*. Pamenepa pali phunziro: kunja kwa khoti, anthu eni ake amapendekera kwa *demostrar*, mwina chifukwa chakuti alibe fungo la msuzi.

Demostrado ndi comprobado: apa ndiye pagona nkhani

Awiriwa ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi amene mudzawagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku.

*Demostrar* ndi kuonetsa poyera, sitepe ndi sitepe, mpaka wotsutsa asowe pogwira. Ndi liwu la masamu, la sayansi, la mtsutso. Mphunzitsi wa masamu akamaliza kusonyeza kuti mfundo ndi yoona amalemba *c. q. d.* pansi pa bolodi, kutanthauza *como queríamos demostrar*, monga tinkafuna kusonyeza. Apanso odziwa Chipwitikizi asamale: kwawo ndi *demonstrar*, koma Chisipanishi chinataya *n* uja.

*Comprobar* ndi kupita kukaona wekha. Chinthu chanenedwa kale, iwe ukungofuna kuona ngati chilidi choncho. Kuwerenganso chenji, kuyang'ana ngati chitseko chatsekedwa, kuimbira foni ku banki. Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa. *Comprobar* ndi kukana kutuma kandimverere. *Lo he comprobado* ndi "ndaona ndi maso angawa".

Chitsanzo chabwino kuposa zonse chili m'masamu. Mu 1742, Christian Goldbach polemberana makalata ndi Leonhard Euler anabweretsa ganizo lomwe lero limanenedwa motere: nambala iliyonse yogawika pawiri, yoposa 2, ingapangidwe pophatikiza manambala awiri osagawika, aja amene amangogawika ndi 1 ndi iwo eni. Mwachitsanzo 10 ndi 3 kuphatikiza 7, ndipo 28 ndi 11 kuphatikiza 17. Makompyuta ayesa manambala onse mpaka kufika pa 4 wotsatiridwa ndi maziro 18, ndipo sanapeze ngakhale imodzi yokana. Koma palibe munthu amene wasonyeza chifukwa chake ziyenera kutero pa nambala iliyonse mpaka muyaya. M'Chisipanishi nkhani yonseyi imakwana m'mpweya umodzi: *comprobada, pero no demostrada*. Yerekezani ndi mfundo yotchuka ya katswiri wa masamu Fermat, imene inakhala zaka zoposa 350 ikuvutitsa anthu mpaka Andrew Wiles atamaliza ntchito yake mu 1994. Imeneyo ndiye *demostrada*. M'Chichewa titha kunena kuti yoyamba aiyesa paliponse osaipeza cholakwa, pomwe yachiwiri aitsekera pakamwa onse otsutsa. Timafunika mawu angapo, iwo amangosintha mneni.

Kunja kwa masamu malirewo sakhala akuthwa chotere. *Está científicamente demostrado*, *científicamente probado* ndi *científicamente comprobado* onse mudzawaona, makamaka pa mabotolo a mafuta odzola ndi pa zotsatsa malonda, kumene mawuwa atha mphamvu ngati ndalama yakale. Komabe khutu la mwini chilankhulo limamvabe kusiyana. Mukanena kuti *está demostrado que fumar provoca cáncer*, mukuimirira pa ntchito ya akatswiri ambiri. Mukanena kuti *tengo comprobado que el café me quita el sueño*, mukungonena za thupi lanu, kuti mwaona kangapo kuti khofi amakulandani tulo. Kusinthanitsa awiriwa kungamveke ngati mukukweza nkhani ya khofi wanu kukhala ya dziko lonse.

Kuchokera kwa *comprobar* kunabadwa *comprobante*, kapepala kosonyeza kuti mwalipira, lisiti. Ku Latin America limamveka paliponse. Ku Spain mumvanso *justificante* ndi *resguardo*. Ndipo pocheza, ambiri ku Latin America sanena n'komwe *comprobar*: amati *chequear*, pomwe ku Mexico amati *checar*. M'kalata ya ku ofesi musawalembe amenewa. *Verificar* ndi mbale wake wa *comprobar* amene wavala tayi, liwu la mainjiniya, la owerengera ndalama ndi la mauthenga a pa foni aja okuuzani kuti mutsimikize nambala yanu.

Confirmado

Ili silivuta. Limafuna kuti pakhale chinthu chimene chinanenedwa kale, mphekesera kapena ganizo, kenako wina n'kubwera kudzachilimbitsa. Dokotala wa ku Cuba, Carlos Finlay, anauza akatswiri anzake ku Havana mu 1881 kuti matenda a *fiebre amarilla*, aja amene timabayitsa katemera wake tikamapita kunja n'kupatsidwa khadi lachikasu, amafalitsidwa ndi udzudzu. Ambiri sanamukhulupirire. Mu 1900 gulu lotsogozedwa ndi Walter Reed linachita kafukufuku ku Cuba komweko n'kupeza kuti Finlay ankanena zoona. Polemba nkhaniyi, *confirmó la teoría de Finlay* imapereka ulemu kwa mwini ganizo. Mukalemba kuti Reed *descubrió*, anatulukira, mwalanda Finlay zake, ndipo ku Cuba sangakusekerereni.

Acreditado: pamene pepala ndilo mboni

Amene akukonza zokaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Spain adzakumana ndi liwu ili kuposa ena onse. *Acreditar* ndi kusonyeza ndi chikalata chovomerezeka. Ofesi siifuna kuti mu-*demostrar* kuti munamaliza digiri, ngati kuti akupatsani choko mukalembe pa bolodi. Imafuna mu-*acreditar*: satifiketi, chidindo, siginecha. *Acreditar la identidad* ndi kuonetsa pasipoti. *Acreditar medios económicos* ndi kuonetsa mapepala a ku banki. Mukhoza kunena zoona zokhazokha, aliyense m'chipindamo n'kukukhulupirirani, koma yankho n'kubwera loti *no queda acreditado*. Sakukunenani bodza, akuti pepala silinakwane.

Liwuli limayenda ndi gulu lake. *Copia compulsada* ndi kope imene ofesi yaiyerekeza ndi chikalata chenicheni n'kuidinda. *Apostilla* ndi chidindo cha pangano la ku The Hague la 1961, chimene chimachititsa kuti chikalata cha dziko lina chilandiridwe ku dziko linzake. Malawi ndi South Africa ali m'panganoli limodzi ndi Spain. *Traducción jurada* ndi kumasulira kochitidwa ndi womasulira wolumbira, amene ku Spain amavomerezedwa ndi unduna woona za ubale ndi mayiko ena. Pamwamba pa onsewa pali *fehaciente*, liwu lochokera ku *fe*, chikhulupiriro, ndi mneni wakuti kuchita: chinthu chokakamiza kukhulupirira. Mwini nyumba ku Spain akafuna kuti mawa wochita lendi asadzakane kuti anauzidwa, amatumiza *burofax* kudzera ku positi, chifukwa ndi *comunicación fehaciente*. Musalitenge liwu limeneli kupita nalo kumacheza, angakuyeseni loya.

Oweruza amagwiritsanso ntchito *acreditado* pafupifupi mofanana ndi *probado*, nthawi zina pongopewa kubwereza liwu limodzi. Koma m'moyo wamba, mukamva *acreditar* yambani kufufuza mu envulopu.

Consta, me consta, constatado

Ili ndi lomwe ndimalikonda, ndipo mabuku ophunzitsira amalichedwetsa popanda chifukwa. *Me consta* ndi "ndikudziwa bwino, ndili ndi chifukwa chodziwira". Silikunena kuti ndingakusonyezeni umboni, likungoti ine sindikukayika. *Me consta que pagó*: ndikudziwa ndithu kuti analipira. Tsono litembenuzeni: *no me consta*. Ameneyu ndi mnzake wapamtima wa aliyense wofunsidwa mafunso ovuta. Sakunena kuti sizinachitike, sakunenanso kuti zinachitika. Akuti sizinafike kwa iye mwa njira yoti angaziikire umboni. Ku Spain andale ndi akuluakulu a makampani alinena kambirimbiri pamaso pa oweruza ndi makomiti a nyumba ya malamulo moti anthu amalitchula moseka. Kwathu kuno ndi zija amati "nkhaniyo sinandipeze pa tebulo langa".

Popanda *me*, *consta* ndi "zalembedwa, zili m'kaundula": *consta en el acta*, zili m'maminitsi. *Que conste* ndi mawu a munthu amene akufuna zidziwike kuti iye ananena: *que conste que yo avisé*, musadzati sindinachenjeze. Pomwe *constatar*, lomwe linalowa kuchokera ku Chifalansa, ndi kuona chinthu n'kuchilemba monga chilili, osafotokoza chifukwa chake. Ndi liwu la malipoti: oyendera anafika, *constataron daños en el techo*, anaona kuti denga laonongeka. Wagwetsa denga ndani, limenelo ndi funso lina.

Atolankhani a ku Spain ali ndi lawonso, *contrastado*. *Información contrastada* ndi nkhani imene yafunsidwa ku mbali zingapo isanasindikizidwe. Mawu oti *contraste* ndi dzinanso la kachidindo kamene amakhoma pa golide ndi siliva atayesedwa kuti ndi weniweni, ndipo fanizolo limakwana bwino.

Establecido: chenjerani naye

Amene amaganiza m'Chingerezi amalithamangira ili chifukwa limafanana ndi *established*, ndipo nthawi zambiri amaphonya. *Establecido* kwenikweni ndi "chokhazikitsidwa", choikidwa ndi amene ali ndi mphamvu yoika. *Según lo establecido en la ley*, monga lamulo linaikira. *El plazo establecido*, nthawi imene inaikidwa. *El orden establecido*, dongosolo limene lilipo. Palibe umboni umene ukufunika apa, wina anangolamula. Tsiku lomaliza kulipira fizi si loona kapena labodza, ndi loikidwa basi.

N'zoona kuti mudzawerenga, makamaka m'nyuzi za ku Latin America, kuti apolisi *establecieron que* moto unayambira kukhitchini, ndipo si kulakwa. *Un hecho establecido* limanenedwanso. Koma mukafuna kunena za mfundo ya sayansi, *demostrado* ndi njira yowongoka. Ndipo ngati mukunena za chinthu chimene chazika mizu, pali mawu abwino kuposa: kampani yokhazikika ndi *consolidada*, mwambo wozika mizu ndi *arraigada*, kuchokera ku *raíz*, muzu, ndipo wolemba mabuku amene dzina lake linatchuka kale ndi *consagrado*. Mukati *un escritor establecido en Lima*, mwangonena kuti wolembayo amakhala ku Lima.

Pafupi ndi pamenepa pali msampha wina, *dar por sentado*. Likumveka ngati chinthu chakhala pansi, chatha. Koma tanthauzo lake ndi kungotenga chinthu ngati choona usanachifufuze. Wina akakuuzani kuti *lo das por sentado*, sakukuyamikirani.

Nanga umboniwo ndi evidencia?

Liwu lachikhalire la umboni ndi *prueba*. *Evidencia* poyamba ndi kuonekeratu kwa chinthu, choonadi chosafuna mboni, ngati dzuwa masana. *Rendirse a la evidencia* ndi kugonja pamaso pa chinthu chosakanika. Chifukwa cha mphamvu ya Chingerezi, *evidencias* lafala kwambiri m'tanthauzo la umboni, makamaka ku Latin America ndi m'zachipatala, kumene *medicina basada en la evidencia* lakhazikika ngakhale omasulira ena amalimbikirabe *basada en pruebas*. Dikishonale ya Real Academia Española, bungwe loyang'anira Chisipanishi lomwe linayamba mu 1713, imavomereza *evidencia* ngati umboni wothetsa mlandu, osati kanthu kalikonse kotoledwa pamalo a ngozi. Kachizindikiro kongolozera, kosakwana kumangitsa munthu, ndi *indicio*. Ine ndimalemba *pruebas* paliponse kupatula pamene ndikumasulira lipoti la zaumoyo. Ndipo *poner en evidencia* munthu ndi kumuyalutsa pagulu, choncho musalonjeze zimenezo kwa abwana anu poganiza kuti mukuwathandiza ndi umboni.

Mneni wothandizira, ndi chimene chimachitika mukakana

Mukasankha liwu, patsala kusankha choliperekeza. *Está demostrado* ikunena mmene zinthu zilili panopa. *Se ha demostrado* ikunena kuti ntchito yosonyezayo yachitika, osatchula woichita. *Queda demostrado* ndi mawu otsekera, a munthu amene wangomaliza kuyala mfundo zake: basi, zatheka. Musayambe nawo nkhani, chifukwa *quedar* amaloza zotsatira za chinthu chimene changochitika. *Es demostrado que* ndi cholakwika chimene ophunzira ambiri amapanga. Pamenepa ndi pa *estar*. Koma mumati *es sabido que*, n'zodziwika kuti, ndi *es un hecho que*.

Kenako pali kamene kamasiyanitsa wophunzira ndi wodziwa. Mukavomereza, mneni wotsatira amakhala wamba: *está demostrado que funciona*, zatsimikizika kuti zimagwira ntchito. Mukakana, mneniyo amasintha kulowa mu *subjuntivo*, kalankhulidwe ka zinthu zosatsimikizika: *no está demostrado que funcione*. Chilembo chimodzi chokha, *a* kukhala *e*. Chimodzimodzi *me consta que ha pagado* koma *no me consta que haya pagado*. Ndipo kumbukirani kuti *no está demostrado que funcione* si chimodzi ndi *está demostrado que no funciona*. Choyamba chikuti umboni palibe, chachiwiri chikuti umboni ulipo ndipo ukukana. Aneni atatu aja amasinthanso *o* kukhala *ue* mphamvu ya katchulidwe ikagwera pamenepo: *pruebo*, *compruebo*, *demuestro*, koma *probamos*, *comprobamos*, *demostramos*.

Mutandifunsa kuti mwa onsewa munyamule ati m'thumba la pa ulendo, ndingati *comprobar* wa zimene mwaona nokha, *demostrar* wa zimene akatswiri kapena mfundo zasonyeza, ndi *me consta* wa pocheza. *Acreditar* adzakupezani yekha pa windo la ofesi, simufunika kumufunafuna. *Probado* muwerengeni m'zigamulo ndi m'kachidutswa kaja ka *de probada*, koma pakamwa panu musamutulutse wamba. Ndipo wina akadzakuuzani za mankhwala n'kunena kuti *lo he probado*, mufunseni kaye: *¿y funcionó?*